Funsani Alangizi: Tikakhale ku Salima Kapena ku Mangochi?

FUNSO

Alangizi, ndine mphunzitsi amene ndagwira ntchito m'sukulu za pulayimale za m'boma la Dedza kwa zaka 34, ndipo chaka chamawa ndikwanitsa zaka 60, choncho ndikupuma pa ntchito. Kwathu kwenikweni ndi konkuno ku Dedza, koma kuzizira kwa kuno kwandikwana. Ikafika miyezi ya Juni ndi Julayi mawondo anga amatupa ndi nyamakazi moti kudzuka m'mawa imakhala nkhondo, ndipo mayi a kunyumba, omwe amamwa mankhwala a BP ndi a shuga tsiku ndi tsiku, nawonso sachoka pa chifuwa nyengo yonse yachisanu. Tagwirizana kuti ndalama za penshoni zikatuluka tikamange nyumba kumalo kotentha, koma pamene tasemphana ndi pa malo ake. Ine mtima wanga uli ku Mangochi, chifukwa ndinapitako ndi ana a sukulu kukaona nyanja ndipo ndinachita chidwi ndi kukula kwa tawuniyo, msika wake ndiponso mtsinje wa Shire. Mayi akuti tipite ku Salima. Tili ndi ana anayi: awiri ali pa ntchito ku Lilongwe, mmodzi anakwatiwa ku Mponela, ndipo chitsiriziro akuphunzira ku Zomba. Ndine mkulu wa mpingo wa CCAP, ndimalima kachewere ndi kuweta nkhumba, ndipo ndikufuna ndikapitirize ulimi pang'ono kuti ndisamakangokhala. Munthu wina wandiuza kuti angandipezere malo otsika mtengo m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Chonde tithandizeni nzeru tisanawononge ndalama zimene sitidzazipezanso.

Mphunzitsi wa ku Dedza

YANKHO

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata yanu yomveka bwino, ndipo ndiyambe ndi kukuuzani mosabisa kuti pa mlandu uwu ndaima kumbali ya mayi, ngakhale kuti Mangochi ndi tawuni imene inenso ndimaikonda. Chimene chandichititsa kutero si nyengo ayi, chifukwa pa nkhani ya kutentha matawuni awiriwa ndi pachibale. Onse ali m'chigwa cha nyanja, pamalo okwera mamita pafupifupi 500 okha, pomwe inu mwazolowera kukhala pamwamba pa mamita oposa 1,500. Kulikonse kumene mungasankhe, majuzi ndi mbaula yootha m'nyumba mudzaziiwala. Kusiyana kumene kulipo n'kwakuti ku Salima mvula imagwa yochulukirapo, pomwe ku Mangochi n'kouma, dziko la malambe ndi migwalangwa. Funso limene liyenera kuthetsa mkangano wanu ndi lina: mukadzadwala usiku, kapena mayi akadzafunika kuonedwa ndi dokotala wamkulu, msewu wochokera pakhomo panu udzakufikitsani kuti, ndipo kumeneko mudzakapeza ndani?

Koma ndisanafike pamenepo ndikufunseni kuti ulendo wa ana a sukulu uja munapita mwezi wanji. Ngati munapita m'nyengo yozizira, pamene mphepo ya mwera ikuwomba ndipo m'mawa kuli kamphepo kayeziyezi, ndiye kuti Mangochi munamuona atavala zovala za pa Sabata. Miyezi yoyesera malo amenewa ndi Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, pamene kutentha kumafika madigiri 35 ngakhale kupitirira apo. Ine ndinagonapo pa nyumba ina ya alendo ku Mangochi m'mwezi wa Okutobala, magetsi n'kuzima cha m'ma 9 koloko usiku, fani n'kuima. Malata anali akubwezabe moto umene anamwa tsiku lonse, khoma ukaligwira linali lofunda ngati mbale ya nsima, ndipo pofika pakati pa usiku alendo tonse tinali titakokera mphasa pakhonde, wina akunyowetsa chitenje n'kufunda, kwinaku tikudziwomba tokha mbama chifukwa cha udzudzu. Mlonda wa pamalopo ankangotiseka kuti kutentha kwenikweni kunali kusanayambe. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo inu amene mukulira dzuwa dziwani kuti mwaliranso thukuta ndi udzudzu. Ndi zoona kuti anthu ambiri odwala nyamakazi amapezako bwino kumalo kofunda, koma kufunda sikuchiza nthendayo, kumangochepetsa ululu. Komanso kutentha kwambiri kumathetsa madzi m'thupi, chinthu chimene munthu wa shuga ndi BP sayenera kuchitenga mopepuka, makamaka ngati ena mwa mankhwala ake ndi aja okodzetsa pafupipafupi. Mayi akapita kusikelo yawo mwezi uno akawauze adokotala za ganizo losamukali, ndipo akafunsenso za kasungidwe ka mankhwala kumalo kotentha, chifukwa ngati tsiku lina adzayambe jakisoni wa insulin padzafunika pomusungira pozizira.

Tsopano tibwere ku msewu. Salima ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe, pa msewu wa M14 umene umakwera zitunda za Dowa kudutsa pa Chezi n'kukatulukira cha ku Kanengo, ulendo wa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, ndipo maminibasi ndi timagalimoto ta Sienta timayenda pamenepo kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo. Matenda akakula pa chipatala cha boma cha Salima, wodwala amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mumzinda womwewo umene muli ana anu awiri. Wodwala wa ku Mangochi amatumizidwa ku Zomba Central Hospital, makilomita pafupifupi 125 kudzera pa Liwonde, ndipo zikavuta kumeneko amapitirira ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe ndi pafupifupi makilomita 190 kuchokera ku Mangochi. Mukangoyang'ana manambala okha mukhoza kunena kuti kusiyana kwa 100 ndi 125 n'kochepa, ndipo msewu wa Liwonde ndi Mangochi unakonzedwanso bwino zaka zapitazi. Koma inu mukudziwa mmene zipatala zathu zimayendera: wodwala amafuna gadiyani womuphikira phala, womuchapira, womuthandiza kupita kubafa, wothamangira kufamase ya m'tawuni mankhwala akasowa. Ku Lilongwe gadiyani ameneyo alipo kale, ali ndi nyumba yake yofikira, ndipo mwana wanu wa ku Mponela akhoza kufika tsiku lomwelo. Ku Zomba muli ndi mwana wa sukulu wogona m'hostelo, amene akamaliza maphunziro adzapita kumene ntchito idzamuitanire, ndipo simungamange nyumba ya moyo wanu wonse potengera munthu amene ali pa ulendo.

Ganiziraninso za masiku amene simukudwala, omwe tikupemphera kuti adzakhale ochuluka. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mangochi ndi makilomita pafupifupi 250, kudzera kwanu ku Dedza, kutsika phiri la Khwekhwelere mpaka pa Golomoti, kenako kudutsa chigwa chonse chija mpaka kukakumana ndi msewu wa Monkey Bay. Ndi ulendo wa maola anayi pagalimoto, ndipo ndi mtengo wa mafuta wa masiku ano, mwana wolandira malipiro apamwezi adzauyenda pa Khirisimasi pokha, mwinanso pa Isitala. Ku Salima akhoza kunyamuka Loweruka m'mawa ndi zidzukulu, kudya nanu nsima ya masana, n'kubwerera Lamulungu madzulo. Anthu opuma pa ntchito amene ndakhala ndikucheza nawo sadandaula kwambiri za nyengo kapena za mitengo ya zinthu; amadandaula kuti pakhomo pali zii. Pa za kumudzi kwanu, maliro ndi maukwati ndi milandu ya pabanja, kusiyana si kwakukulu, pakuti misewu yonse iwiri imakumana pa Golomoti, wa ku Salima ukubwera ndi M5 kudutsa pa Chipoka ndi pa Mtakataka.

Sindikufuna kuti muone ngati ndikunyoza Mangochi, chifukwa zimene munaziona ndi maso anu ndi zenizeni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 53,000 m'tawuni ya Mangochi pomwe ya Salima inali ndi pafupifupi 37,000, ndipo boma lonse la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, kuwirikiza kawiri a boma la Salima n'kupitirira. Ndi tawuni yamoyo, ya malonda ochokera ku Namwera ndi kuchipata cha Chiponde cholowera ku Mozambique, ya alendo opita ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Kwa mphunzitsi ngati inu ilinso ndi mbiri yokoma kuifotokozera zidzukulu: inayamba ngati Fort Johnston mu 1891, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ya mu 1903, pali mfuti ya sitima ya Guendolen imene inamenya nawo nkhondo panyanja mu 1914, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Salima ilibe zokometsera zotere. Inakula chifukwa cha njanji imene inafikako mu 1935 ndi chifukwa cha thonje, ndipo mpaka lero ndi tawuni yathyathyathya ya makabaza, imene mtima wake umagunda pa Kamuzu Road. Ili ndi sukulu ya asilikali ya MAFCO, fakitale ya shuga, ndi malo aakulu opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka omwe anayamba kugwira ntchito mu 2021, ngakhale musaganize kuti kukhala pafupi ndi malo amenewo ndiye kuti kwanu magetsi sadzazima, popeza amalowa m'mawaya a dziko lonse.

Chinthu china chimene alendo ambiri sachizindikira n'chakuti matawuni onse awiriwa sali panyanja. Boma la Salima lili makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Senga Bay, ndipo boma la Mangochi lili pa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Malombe. Munthu akanena kuti akukakhala ku Salima kapena ku Mangochi ayenera kusankhanso ngati akukakhala paboma, pafupi ndi chipatala, banki ndi msika, kapena kugombe kumene kuli kamphepo ndi malo ogona alendo. Kwa anthu a msinkhu wanu, amene mwezi uliwonse mudzafunika kukatenga mankhwala ndi kukatapa penshoni, ine ndikuti khalani paboma, nyanja muzikaiona ngati alendo.

Pa za chikhalidwe ndi mpingo, ku Mangochi anthu ambiri ndi Ayao ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Chichewa chimamveka paliponse m'tawuni, Akhristu ndi Asilamu akhala moyandikana kwa zaka zambiri, ndipo munthu waulemu amene waphunzirako ngakhale moni wa Chiyao amalandiridwa bwino. Koma inu mwatchula nkhumba. Kumanga khola la nkhumba pakati pa anansi amene chipembedzo chawo chimaziletsa n'kuyamba moyo watsopano ndi kusamvana kosafunikira, ndipo msika wake ngwochepa. Ku Salima nakonso kuli Asilamu ambiri, makamaka cha ku Senga Bay ndi m'midzi ya kugombe, choncho kumenekonso muyenera kuyang'ana kaye amene mwayandikana nawo, kungoti madera a kumtunda kwa bomalo vutoli ndi lochepa. Pa mpingo, Dedza ndi Salima onse ali pansi pa sinodi ya Nkhoma, moti mukapita ndi kalata yanu yosamukira mudzapeza mwambo wa mapemphero ndi kayendetsedwe ka zinthu kamene munakazolowera, mwinanso abusa amene mumawadziwa kale. Paboma la Mangochi mudzakhala m'sinodi ya Blantyre, mpingo womwewo wa CCAP koma wa machitidwe ake ena, ndipo munthu amene wakhala mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri sizimukomera kuyambiranso kudziwika ali ndi imvi.

Kachewere musiyireni abale ku Dedza, chifukwa kuchigwa sachita bwino. Ku Salima anthu amalima mpunga, makamaka cha ku Lifuwu, komanso chimanga, thonje, mtedza ndi chinangwa, ndipo mango amabereka mpaka kuwolera pansi. Mbuzi, nkhuku zachikuda ndi nkhunda sizidzakuvutani kulikonse. Musapitenso ndi maganizo akuti kunyanja chambo amadya ngati bonongwe. Chambo chinachepa, m'nyanja ya Malombe chinatha mphamvu kuyambira m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha kugwira mopitirira muyeso, ndipo chimene chagwidwa lero ogula ochokera m'mizinda amakhala atachidikirira kale pagombe ndi mabokosi awo a ayezi. Ndiwo zanu za tsiku ndi tsiku zidzakhala usipa, utaka ndi mcheni, zomwe kunena zoona zikakhala zaziwisi zimakoma mwina kuposa zouma zimene mumagula pa msika wa Dedza.

Matenda a kunyanja sasankha pakati pa Salima ndi Mangochi. Malungo alipo chaka chonse, ndipo munthu amene wakhala moyo wake wonse kumalo kozizira kumene udzudzu ndi wochepa amagwidwa mwamphamvu kuposa mbadwa za kumeneko, choncho neti isakhale ya nyengo ya mvula yokha, mawindo onse akhale ndi waya wa udzudzu, ndipo thupi likangotentha kayezetseni tsiku lomwelo. Likodzo lili m'madzi odekha a m'bango ndi m'madambo, ndiye zidzukulu zikabwera musazilole kusambira paliponse. Mukumbukiranso kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma awiriwa anali m'gulu la amene anavutika kwambiri. Gwero lake ndi madzi ndi zimbudzi, chifukwa m'dothi la mchenga la kugombe chimbudzi chokumba chimagwa msanga ndipo madzi apansi ali pafupi. Sankhani malo amene mapaipi a Central Region Water Board afikako, ndipo ngati mudzadalira mjigo, laweni kaye madzi ake musanalipire chilichonse, pakuti mijigo ina ya m'chigwa imatulutsa madzi amchere oti tiyi samweka ndipo sopo sachita thovu.

Tsopano za munthu uja wakulonjezani malo otsika mtengo m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, ndipo apa ndikupemphani kuti muwerenge mofatsa. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika malinga ndi mvula ya zaka zingapo, ndipo m'zaka zimene inatsika anthu anayamba kumanga pamchenga umene kale unali pansi pa madzi. Mu 2024 madzi anakwera kupitirira mlingo wa mamita 476 pamwamba pa nyanja ya mchere, mlingo umene unali usanaoneke kwa zaka zambiri, ndipo nyumba, malo ogona alendo ndi minda ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota zinalowa m'madzi. Ndinadutsa kugombe lina la ku Salima miyezi ingapo madziwo atayamba kubwerera, ndipo ndinaona nyumba yatsopano ya njerwa zootcha, yamatailosi pansi, yopanda munthu. Pakhoma panali mzere wobiriwira wofika m'chiuno wosonyeza pamene madzi analekezera, zitseko zitafufuma osatsekekanso, mpanda utagwa mbali imodzi, ndipo pabwalo pamene mwini wake anadzala maluwa panali bwato litamangiriridwa ku mtengo wa mango wouma. Ndinauzidwa kuti nayenso anali munthu wopuma pa ntchito. Madzi saiwala khwawa, Aphunzitsi. Eni malo ena anadandaula kuti vuto ndi zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zomwe zimayendetsa madzi otuluka kupita ku Shire, koma zitsekozo sizingatsegulidwe mwachisawawa chifukwa kumunsi kuli malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kulinso anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amene amasefukiridwa. Bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu nthawi imeneyo kuti lamulo sililola kumanga kunsi kwa mlingo wa mamita 477, kutanthauza kuti womanga pamenepo akamizidwa alibe kodandaula.

Malo otsika mtengo kugombe amakhala ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chikakhala kuti si madzi, kawirikawiri chimakhala chakuti malowo ndi a banja lonse ndipo wogulitsayo sanafunse abale ake, kapena anagulitsa kale kwa munthu wina wa ku Lilongwe amene sanabwere kudzamanga. Kapepala kosainidwa ndi a nyakwawa ndi mboni ziwiri kali ndi ntchito yake, koma si chikalata cha umwini. Pitani nokha ku ofesi yoona za malo ya khonsolo, mukafunse ngati malowo ndi a mafumu, a boma kapena ali kale pa lizi ya munthu, ndipo ngati n'kotheka pezani puloti yoyezedwa ya m'tawuni ngakhale ikhale yodulirapo. Ndalama perekani kudzera kubanki, osati m'manja pansi pa mtengo.

Langizo langa lomaliza kwa inu ndi loti musathamangire kumanga. Penshoni ikatuluka ikhale kaye kubanki, inu mukachite lendi kanyumba paboma la Salima kwa chaka chathunthu, nyumba ya ku Dedza musanaigulitse. Okutobala adzakuuzani ngati thupi la mayi likugwirizana ndi kutentha, ndipo Febuluwale adzakuonetsani mapuloti amene amasanduka dambo ndi misewu imene kabaza amakana kulowa. Mudzaonanso ndi maso kumene kuli dothi la makande, lija lakuda limene limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, lomwe limang'amba makoma a nyumba ngati maziko ake sanakumbidwe mozama ndi kulimbitsidwa ndi zitsulo. Mukadzayamba kumanga, musatengere pulani ya ku Dedza ya timawindo tating'ono ndi denga lotsika. Denga likhale lalitali ndi siling'i, mawindo akhale aakulu ndi oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, khonde likhale lotakata mbali imene dzuwa limalowera, ndipo mitengo ya mango ndi ya nimu mudzale tsiku limene mwalandira malowo, mmisiri asanayambe n'komwe kukumba.

FUNSO

Alangizi, ndine mnyamata wa zaka 33 wochokera ku Ulongwe m'boma la Balaka, ndipo ndakhala ndikugwira ntchito ku Johannesburg kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndasunga kandalama ndipo ndikufuna kumanga nyumba zitatu za lendi kumudzi kuti ndikadzabwerera ndidzakhale m'imodzi mwa nyumbazo, zinazo zizindipatsa chakudya. Kuzizira kwa kuno kwanditopetsa, ndiye ndikufuna kunyanja. Anzanga ena akuti Salima ikukula chifukwa ili pafupi ndi likulu, ena akuti Mangochi ndiye kuli ndalama. Amene adzayang'anire ntchito yomanga ndi amalume anga omwe amakhala ku Ulongwe komweko. Ndisankhe kuti?

Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO

Achimwene, kalata yanu ndaiika pamodzi ndi ya Aphunzitsi mwadala, chifukwa matawuni ndi omwewo koma yankho lanu ndi lina: inu mangani ku Mangochi. Ulongwe ali pa msewu wa M3 pakati pa Liwonde ndi Mangochi, moti amalume anu akhoza kukwera minibasi m'mawa, kukawerenga matumba a simenti, kuona mmene mmisiri wayalira njerwa, n'kubwerera kukadya nsima ya masana kwawo. Mukasankha Salima, ulendo uliwonse udzakhala wa tsiku lonse ndi ndalama zambiri za thiransipoti, adzapitako kamodzi pamwezi, ndipo nyumba yomangidwa popanda diso la mwini imadya simenti ya nyumba ziwiri.

Zimene anzanu akunena za Salima zili ndi mbali yake yoona, pakuti anthu a ku Lilongwe amagula malo ku Senga Bay kuti azikapumulako kumapeto kwa sabata. Koma amenewo si anthu ochita lendi nyumba ya zipinda ziwiri. Alendi anu adzakhala aphunzitsi, anamwino, apolisi, ogwira ntchito m'mabanki ndi m'mabungwe, anthu olandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo otere amafuna nyumba ya paboma yokhala ndi mpopi, mita yakeyake ya magetsi ndi mpanda, pamalo oti akhoza kuyenda wapansi kapena pa kabaza kupita kuntchito. Mangochi, pokhala tawuni yokulirapo ndi likulu la boma la anthu ochuluka chotere, ili ndi anthu amenewa ambiri. Dziwani chabe kuti simuli nokha, chifukwa anyamata ambiri a ku Mangochi ali ku Joni komweko ndipo akumanganso nyumba za lendi, choncho yanu idzapeza munthu msanga ikakhala yozizirira mkati ndi yosavuta madzi, osati chifukwa cha utoto wowala wa kunja. Zonse zimene ndauza Aphunzitsi za malo a kugombe ndi za m'mbali mwa madzi zikukukhudzani inunso, ndipo ku Mangochi muwonjezerepo magombe a Shire.

Pa za amalume, sindikuwakayikira, koma chibale chimasungika bwino pamene zinthu zalembedwa. Malowo alembedwe m'dzina lanu monga lilili pa chiphaso chanu cha unzika, ndipo ngati mungathe bwerani nokha pa tchuthi cha Disembala mudzasaine, mudzaonenso malowo mvula ikugwa. Ndalama muzitumiza m'magawo, za maziko pazokha, za khoma pazokha, za denga pazokha, ndipo gawo lotsatira lizipita mukaona ntchito ya gawo loyamba pa vidiyo ya WhatsApp, amalume ataima pafupi ndi khomalo. Agwirizaneni nawonso poyera za kangachepe kawo ka mwezi ndi mwezi, chifukwa munthu amene akusiya munda wake kukayang'anira nyumba yanu ayenera kudya. Yambani ndi nyumba imodzi, muimalize mpaka kulowetsa madzi ndi magetsi, mulowetse mlendi, ndipo lendi yakeyo ithandize kugula njerwa za yachiwiri.